Usiku Umene Jenereta Inatsokomola

Tilipo anayi, kuseri kwa golosale ya Che Jafali ku Chinamwali,
Loweruka lililonse dzuwa likapendeka:
benchi imodzi, wailesi ya kanema yong'aluka pakona,
ndi mikangano yotalika kuposa filimu imene taonera.

Likoswe amati kanema weniweni ndi zibakera,
munthu auluke, agwere padenga, adzuke akusasa fumbi.
Iye anakulira m'nyumba za vidiyo zotchinga ndi ziguduli,
momwe womasulira amalowetsa mawu ake m'kamwa mwa alendo
mpaka msilikali wa kutsidya kwa nyanja kufunsa mtengo wa bonya.
"Amenewo ndiwo anali aphunzitsi anga," amatero, osaseka.

Asiyatu amangopukusa mutu.
Ali ndi buku la kajambulidwe, analigula pansi pafupi ndi depoti,
lopanda chikuto, masamba a pakati chiswe chinadya.
Pamene chiswe chinasiya mpata, iye amathirapo nzeru zake.
Akuti kamera iphunzire kudikira:
mayi akuchapa ku Likangala, osayankhula,
thovu likutsetsereka pamwala, basi.
"Ndilipire ndalama kuti ndione munthu akuchapa?"
"Unayamba wawayang'anitsitsa amayi ako akuchapa?"
Tsiku limenelo Likoswe anapita osatsanzika.

Bambo Namalomba, opuma pantchito ya ukalaliki,
amakumbukira galimoto ya kanema ikufika pabwalo la mpira,
ana akuthamangira kuseri kwa nsalu
kukaona ngati anthu aja ali ndi misana.
"Inenso ndinathamanga," amatero. "Ndinapezako mdima ndi nsungwi ziwiri.
Mpaka lero sindinawakhululukire."

Ine ntchito yanga ndi kugwira nsalu.

Mwezi wa Juni tinati tichite chikondwerero chathuchathu,
pakuti za m'mizinda ikuluikulu timangozimva m'nyuzi.
Mafilimu atatu, awiri ojambulidwa pafoni.
Nsalu ya pabedi la Asiyatu, ya chigamba kumunsi,
tinaimanga pakati pa mtengo wa mango ndi mzati wa magetsi.
Pulojekita tinabwereka kwa mnyamata wa ku koleji,
chikole chake njinga yanga.
Magetsi anathima, monga tinkadziwira.
Chiperoni chinatsika m'phiri kudzaonera nawo, chosalipira.

Anthu anabwera, akabaza, ogulitsa mbatata, ana ofunda zitenje.
Itafika filimu ya Asiyatu, mtsinje unayamba kuyenda pansalu,
ndipo kumbuyo mayi wina anakuwa:
"Ndine uja! Beseni langa lija!"
Chiseko chinabuka, kenaka zii.
Manja ake anali aakulu ngati chitseko,
ming'alu ya zala zake yonse poyera,
ndipo iye anabisa manja enieniwo m'khwapa.

Apo jenereta inatsokomola kawiri, n'kufa.

Palibe anadzuka.
Mumdimamo ndinamva benchi ikulira, wina waimirira.
Anali Likoswe, ndi mawu aja a m'nyumba za vidiyo,
koma otsika, ngati akuopa kudzutsa khanda:
"Tsopano akufinya malaya a sukulu.
Tsopano ayang'ana kumwamba ngati kugwa mvula.
Sopo watsala kachidutswa, akumusunga pa tsamba.
Tsopano aongola msana. Taonani, akuongola msana."
Sanaulutse munthu, sanaphe aliyense.
Tinaonera mpaka kumapeto, nsalu ili yakuda bii,
ndipo Bambo Namalomba anapita okha kuseri kwake,
anakhalitsako, n'kubwerako akupukuta magalasi.

Mphoto panalibe. Che Jafali anapereka mabanzi otsala.
Ndinapinda nsalu yonyowa ndi nkhungu,
ndinayenda wapansi, njinga ikadali chikole.

Loweruka lotsatira Likoswe anafika moyambirira.
Akuti filimu ija inafunika ndewu imodzi yokha, yaing'ono,
mwina yolimbirana mwala wochapira.
Asiyatu anamugenda ndi buku,
masamba ena awiri n'kuthothoka.