Lero Ndine Mtundu Wanji?

Lachiwiri lililonse ndimatsegula chipinda nambala sikisi
mvula ya ku Birmingham isanaganize zokata.
Ntchito yanga ndi yochepa: lamba pamkono, singano, kabotolo,
thonje, "psinjani apa."
Magazi ndimapatsa makina,
makina amayankha ndi mtundu.
Wobiriwira, pitirizani kumwa.
Wachikasu, mubwerenso mkuja.
Wofiira, siyani lero lomwe.

Oyamba kufika amakhala bambo Quach, okonza mawotchi,
kampango kopukutira dovu kali m'thumba la jekete.
Anawapatsa mlingo wa m'buku
nagona miyezi itatu, kudzukira chakudya basi,
mpaka dokotala wina anaudula pakati.
Chiwindi chawo chimagaya mosafulumira, akutero.
Olemba bukulo anayeza ziwindi za ena.

Mayi Shefali amabwera ndi mwana wawo wowamasulira.
Mawu amene amamva ndi a azakhali awo
amene anaikidwa kalekale ku Sylhet:
sesa pakhomo, mchere wachepa, funda mpango.
Amatopa nawo, koma kuwaopa ayi.
A Callum amatuluka m'wailesi yozima
n'kumuuza kuti ndi chinyalala, njanji ili pafupi.
Pafomu pali kabokosi kamodzi kokha.
Amamva mawu? Chonga.

Koma ndimafuna ndinene za Lascelles Pinnock.

Callum anabwera kuno pa takisi, mayi ake atamugwira dzanja.
Lascelles anabwera kumbuyo kwa galimoto ya apolisi,
unyolo utadya khungu,
ndipo asanakhale pansi wina anali atalemba kale: woopsa.
Jakisoni pamwamba pa jakisoni,
khosi gwa, manja njenjenje,
zaka zisanu ndi zinayi.
Kenako kilozapini.
Mawu aja anatsika, anandiuza,
ngati phokoso la aneba kuseri kwa khoma.
Anayamba kuphunzira zamipope.
Anandionetsa pafoni sinki yoyamba imene anamanga yekha,
zithunzi zinayi za sinki imodzimodziyo.

Mu Febuluwale makina anati wofiira.
Asilikali a m'magazi achepa.
Thupi silinatenthe, ngakhale kachimfine analibe,
dzulo lake anasenza bafa mpaka nsanjika yachitatu.
Lamulo ndi lamulo.
Amene anamuuza ndine,
thonje likadali pamkono pake.

Patatha masiku khumi anamupeza pa Soho Road
wopanda nsapato, akuyankha mafunso
amene palibe wina ankawamva.

Panadutsa chaka katswiri wa magazi asanatsegule faelo.
Anaitana mayi ake, anaitana mchemwali wake Verlyn,
woyendetsa basi amene sanajombepo chifukwa chodwala.
Onse nambala yotsika. Onse bwinobwino.
Ambiri amene makolo awo anachokera ku Africa amabadwa choncho, anatero,
asilikali alipo ndipo nkhondo amamenya,
kungoti sachuluka pamsewu pomwe ife timawerengera.
Mzere wofiira uja unalembedwa
poyang'ana magazi a anthu ena.

Ine ndinangoti zii.
Zaka khumi ndi zitatu ndikuwerenga mzere umenewo
ngati unatsika kumwamba.
Sindinafunsepo kuti anayeza mkono wa yani.

Tsopano pafaelo pake pali chomata, mzere wake ndi wina.
Mankhwala anabwerera. Mawu akutsikanso, koma mwaulesi.
Abwana ake aja analemba munthu wina.
Chaka chija palibe amene wachibweza,
ndipo palibe fomu yopepesera.

Lero wafika mochedwa, ambulera yothyoka,
wakwinya yekha malaya, wayang'ana kudenga
monga amachitira singano ikamalowa.
Makina akung'ung'udza. Tonse tikudikira.
Panja bambo Quach akuuza Callum kuti wotchi yake ikutsala mphindi ziwiri.

"Ndiye, a nesi," akutero, osaseka,
"lero ndine mtundu wanji?"