Mchombo Usanagwe

Nesi wa ku Kapata wasiya mpata pa khadi la sikelo,
kamzere koyera pamwamba pa makilo atatu.
Akuti, "Mukagwirizana, mudzabwere nalo."
Lero ndi tsiku lachisanu.
Mchombo wauma ngati phesi la dzungu
koma ukukana kugwa,
kaya nawonso ukudikira kuti mkangano uthe.

Vuto langa ndi uphunzitsi.
Zaka khumi ndi chimodzi ndikuitana mayina m'mawa uliwonse,
palibe dzina lomwe limandifika lopanda nkhope.
Ndikati Blessing, manja anayi m'mwamba:
wamtali, wa chipsera pachipumi,
awiri enawo timawasiyanitsa ndi mayina a abambo awo.
Chisomo ndikumudziwa, amatafuna mapensulo a anzake.
Natasha alipo atatu mu giredi faifi mokha,
mmodzi akalakwa, onse amatembenuka.

Apongozi atumiza mawu kuchokera ku Lundazi
pa foni ya mnyamata wa pagolosale:
likhale Wezi, lalifupi, losavuta kuitana kumunda.
Achimwene anga a ku Katete aseka mpaka kutsamwa chiwaya,
"Ndiye akadzafika ku Mkaika azidzapatsidwa mpando wa alendo?"
Bambo wa mwana akufuna Thandiwe
chifukwa agogo ake anagwirapo chishango ku Mtenguleni,
kamodzi, pa chithunzi.
Neba wanga Esnart, yemwe anakhalako ku Kitwe miyezi isanu ndi itatu,
akuti Mapalo ndiye lamakono,
lotsegula zitseko za maofesi ku Lusaka.
"Asamangomva dzina n'kuti, aa, wakum'mawa uyu, wodya mbewa."
Ndamuuza kuti mbewa zinatilera
ndipo iye dzulo lomweli anagula zisanu pa Saturday Market.

Amayi anga sakulowererapo.
Dzina lawo ndi Tilyenji, anabadwa nkhokwe zili pululu.
Mng'ono wawo ndi Misozi, anatsatira timanda tiwiri.
Moyo wonse asenza madandaulo a akulu
ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.
Angoti, uku akufinya thewera,
"Dzina si kalata yokalipira abale, mwanawe."
Ndiye ndameza lomwe linali kale pa lilime:
Tilekeni.

Usiku magetsi athima ku Mchini konse.
Iwe ukuyamwa, kadzanja kako kagwira chala changa
ngati wapeza choko.
Sunakhale wa boma lililonse.
Sudziwa kuti pali Chinsenga, pali Chitumbuka,
kuti munthu amafunsidwa kwawo asanapatsidwe madzi.
Masiku asanu awa ndiwe wanga ndekha,
ndipo ndikuvomera, sindikufulumira.

Koma ndikukumbuka m'bandakucha uja.
Takisi inasowa, Zakeyo anandikweza pa njinga yake ya hayala,
akupalasa pang'onopang'ono, akupepesa dzenje lililonse.
Utalira koyamba ndinayang'ana pa zenera la wodi,
pamwamba pa phiri la Kanjala
panali nyenyezi imodzi yokha yotsalira,
ija imadzutsa ophika zitumbuwa ndi opita kudimba.
Ku Lundazi amaiona.
Ku Katete, ku Petauke, ngakhale ku Kitwe kwa Esnart,
ndipo palibe mfumu inaidulira malire.

Nthanda.
Ndalinong'oneza m'khutu mwako, wayetsemula.
Ndaliyesa ndi mawu a ukali, a pakhomo dzuwa litalowa,
ndaliyesa ndi mawu a m'kalasi, palibe dzanja lina lakwera.

Mawa ndiwauza, adzang'ung'udza, adzazolowera.
Apongozi azidzakuitanabe Wezi, ndikudziwa,
ndipo udzayankha.
Chaka chamawa mwina Esnart adzabereka
n'kulitenga osapempha,
pofika giredi wanu mudzakhala atatu pa benchi limodzi.
Zilibe kanthu.
Ndikadzaitana, iwe udzadziwa kuti ndi iwe.

Taona, wagwera pa chitenje.
Kakang'ono ngati njere ya nyemba.
Amayi, dzukani, bweretsani khadi lija.