Nsapato za Penjani

Nsapato zako zidakali pano, Penjani,
pansi pa benchi langa, pakhonde la sitolo ku Chibavi.
Unati udzatenga Lachisanu.
Lachisanu ladutsa kakhumi ndi kanayi.

Ndinayamba kukusokera uli Sitandade 6,
phazi likukula mothamanga kuposa ndalama za mayi ako.
Anzako ankang'amba nsapato ndi mpira,
iwe unkang'amba ndi mtunda.
Sindinkafunsa komwe wachokera,
zidendene zinkaulula zokha:
katondo womata, ndiye ku Kaning'ina;
timasamba ta paini m'zingwe, ku Chikangawa;
matope akuda onunkha ndere,
ndiye kuti waswera kuzungulira damu la Lunyangwa
kusaka kambalame kaja unkati kamayenda pamwamba pa madzi.
Ndinkakufunsa ngati kanathawa m'Baibulo.

Mwezi wa Juni, chifunga chitameza Katoto,
ife titakumbatira mbaula, mano akuombana,
iwe unkadutsa ndi juzi yobooka pachigongono,
botolo la tiyi wopanda mkaka, chinangwa chophika m'thumba,
uli, "Ba Chavula, mphepo imaluma wokhala pansi."

Unkabwerako ndi zinthu zopanda msika:
nthenga yabuluu, mwala wonga chibakera,
khungu lomwe njoka yavula.
Tsiku lina bowa wodzaza chipewa,
tsiku lina diso lotupa, njuchi zitakuweruza,
iwe ukuseka ndi diso lotsalalo.

Mayi ako, a NyaLuhanga, anabwera kudzandinong'oneza:
musamusokerenso, mwina angakhale pakhomo.
Ndinavomera.
Sabata yomweyo ndinakuona ukutsetsereka ku Masasa
chosavala, ukutsimphina ndi minga,
ndipo ndinatola singano yanga.
Mpaka lero sindinawapepese.

Dzina la matendawo sindilidziwa.
Akuti magazi ako omwe anakuukira.
Ndinapita kamodzi kokha ku chipatala chachikulu,
ndinapeza wasinthana bedi ndi mkulu wina wa ku Ekwendeni
kuti ugone pafupi ndi zenera.
Kunjako kunalibe choona:
mpanda, thanki ya madzi, nsonga ya bulugama.
Unati nsongayo ikukwanira,
unati khwangwala amatera pomwepo nthawi ya phala
ndipo sanaphonyepo.
Bulangete linali lalifupi.
Mapazi ako anali oyera, Penjani,
osalala ngati a khanda.
Ndinayang'ana kukhoma.

Zaka makumi awiri ndi zitatu.
Lamba amene ndamangayu ndi wamkulu kuposa iwe.

Kumanda ku Zolozolo abusa anati wapita kukapuma.
Ndinaluma lilime.
Kupuma iweyo?
Munthu wolephera kudikira ndimalize msoko umodzi
osadzuka kukasuzumira mitambo yochokera ku Nkhata Bay
ndi kutiuza ola lomwe igwe?
Amayi ogulitsa nthochi ankaanula malonda pomvera iwe.
Masiku ano mvula imangotidzidzimutsa.

Dzulo kunabwera mnyamata wa kabaza,
phazi lake ngati lako,
anatchula mtengo wabwino ndithu.
Ndinati zili ndi mwini wake.
Ndinaziika soli ya tayala, yolimba,
ya ulendo wa ku Nyika uja unkausungira ndalama m'chitini,
ulusi ndinaubwereza kawiri, wopaka phula.
Unatsala ndi ngongole ya K1,500.
Ili m'kope, pansi pa dzina lako,
ndipo cholembera changa chikukana kudutsapo.

Matope a pamwamba sindinatsuke.
Mvula ikawaza pakhonde amanyowa,
fungo la nkhalango limadzuka pansi pa benchi
mpaka makasitomala kufunsa ngati ndayamba kugulitsa bowa.
Ndipo m'mawa uno, posuntha bokosi la misomali,
ndaona mu msoko wa nsapato yakumanzere
mwamera kanthu, timasamba tiwiri,
kopendekera kumene kukuchokera kuwala.

Ndafunsa anthu atatu, palibe akukadziwa.
Iwe ukanagwada, n'kukanunkhiza,
n'kundiuza dzina lake ndi phiri lomwe kachokera.
Ndakathirira ndi chivindikiro cha botolo.
Nsapatoyo ndaitulutsa pabwalo.