Mzere Wopanda Kanthu

Ine ndimasindikiza mapepala ku Ulongwe,
kuseri kwa msika, moyandikana ndi owotcherera zitsulo:
makalata ofunsira ntchito, ndondomeko za maliro,
zithunzi za pachitupa za anthu okana kumwetulira.
Makina anga amayamba atsokomola magetsi akabwera.

Felizarda adalowa Lachiwiri,
matope a ku Tsangano ali m'zidendene,
nandiikira pa tebulo botolo lopanda dzina.
Kale lidali la mayonezi. Adaliwiritsa kawiri.
M'kati mudali chinthu cha mtundu wa uchi wakale.
"Mapichesi," adatero. "Ndikufuna pepala lomata."

Kwawoko, akuti, malole amadzera mbatatesi basi.
Mapichesi amapsa onse pamodzi ngati adapangana,
usiku wonse phu! phu! pansi,
nkhumba n'kudya mpaka kutembenuza mphuno.
Amayi amakhala m'mbali mwa msewu ndi mabeseni,
mtengo ukugwa,
mtengo uli chiimire.

Ndidafunsa dzina la kampani. Adaseka.
"Kampani ndi ine, mapoto awiri,
ndi mlongo wanga Gervazio
amene adamuchotsa ku migodi ya malasha ku Moatize.
Adabwerako ndi nsapato zachitsulo kumphuno
ndi maso osanamizidwa ndi sikelo.
Lembani kuti Tisataye."

Koma pansi pa dzinalo adafuna mzere wopanda kanthu.
Ndidati mayi, pepala n'lodula,
mpata umenewo tiikepo chithunzi cha chipatso.
"Ayi. Apo ndizilemba ndi dzanja mwini mtengo:
Nangozo, Nadzimbiri, Mai Zefa a kutsidya kwa dambo.
Ndimawalipira tsiku lomwelo
nkhata isadazizire."

Mabotolo makumi atatu oyamba adachita chuku.
Adaumira shuga, shuga adamubwezera.
Ngati adalira, adalirira kwawo.
Kuno adangofika n'kunena kuti
"Ena makumi atatu. Mulembe m'buku."

Ku Tete, kutsidya kwa mlatho,
kumene dzuwa limasungunula ndi guluu womwe,
mwini golosale adatembenuza botolo uku ndi uku
kufuna timizere takuda timene makina ake amawerenga.
Adapeza Nangozo.
Makina sadziwa Nangozo.
Pa shelefu padali jamu wa kutali, wofiira ngati utoto,
wopanda kwawo, wopanda mwini mtengo.
Felizarda adabwerera pa chapa,
katoni itakhala pampando wakewake, wolipiridwa.

Pa mphambano ya Musakama adatsika kukawongola miyendo.
Mtsikana wogulitsa buledi adalawa ndi chala,
natenga asanu ndi limodzi,
ndalama kumapeto kwa mwezi.

Mvula idatha. Mapichesi adatha.
Ndidaiwalako.

Dzana kudalowa dalaivala wa lole,
botolo lopanda kanthu lili m'manja, lonyambitidwa mbee.
Adatsata nambala yanga ya foni
imene ndimaibisa m'mphepete mwa pepala lililonse.
"Nadzimbiri amakhala kuti?
Mwana wanga wanyanyala buledi wopanda Nadzimbiri."
Ndidati bambo, Nadzimbiri saphika,
iye ndi mwini mtengo chabe.
Adaganiza pang'ono, akukanda chipewa.
"Ndiye mukamuuze asaudule."

Uthengawo ndidautumiza pa njinga yamoto.
Akuti udampeza Nadzimbiri ali ndi nkhwangwa,
koma ine sindikhulupirira zonse za anyamata a njinga.

Felizarda ali nane ngongole,
mametikali mazana atatu ndi makumi anayi.
Ili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, sindidafute,
ubale ndi ubale, buku ndi buku.
Lero waimba, mphepo ya kuphiri ikudula mawu.
Akuti maluwa achita mbuu m'mitengo,
Gervazio wapeza poto wachitatu,
za timizere takuda akufunsabe ku maofesi,
ndipo ndikonze mapepala mazana awiri.

"China," akutero, mayunitsi akutha,
"mzere uja muutalikitseko.
Kwabwera amayi ena
a mayina aatali."