Wogwira Chingwe

Ndimadzuka tambala asanaganize zolira,
m'kombi yakale yomwe ndinaizula mipando
n'kuikamo bedi, mbaula ya gasi ndi makatani
amene Edesi anasoka chaka chomwe anatisiya.
Nyumba yanga ili ndi matayala anayi, limodzi ladazi.
Lendi sindilipira.
Adiresi yanga ndi pomwe dizilo wathera.

Juni wa ku Harare amaluma zala.
Pabwalo kuseri kwa Borrowdale udzu wayera ndi chisanu,
ndipo Nyengeterai, woyendetsa wathu,
wataya kale kabaluni kakuda m'mwamba
kuti aone kumene mphepo yaloza lero.
Sayankhula. Amangokatsatira ndi chibwano.

Tikoka chithumba m'ngolo, anthu asanu, tikubuula,
tiyala nsalu yaitali ngati mzere wa fodya.
Fani ilira. Nsalu iyamba kupuma
ngati ng'ombe yogona chammbali.
Kenako moto ubangula kamodzi,
nsidze zanga zimva kuwawuka,
agalu a m'mipanda ya anthu olemera auwa onse pamodzi.

Ntchito yanga ndi chingwe cha pamutu.
Ndimaima patali ndekha, zidendene zitazika,
kuletsa chinthu chofuna kumwamba
kuti chisadzuke mwaphuma.
Zaka makumi atatu ndinagona pansi pa mabasi ku Mbare,
oilo akundidonthera m'khutu,
osadziwa kuti tsiku lina
ndidzalimbana ndi mpweya n'kugonja ndikuseka.

Salipira, inde.
Tsogolani pafoni amati, "Adadi, mukudzizunziranji?"
Ndimamuuza za tiyi wa m'fulasiki ndi mabanzi awiri.
Zinazo pafoni sizikwana.

Dengu likanyamuka, alendo akukupiza manja,
ife otsala timathamangira makiyi.
Baluni ilibe chiwongolero, ilibe msewu;
ine ndili nazo zonse ziwiri, ndi maenje omwe.
Diso limodzi kumwamba, lina pa wakabaza,
mapoto akugundana kumbuyo, ketulo yagubuduka,
wailesi ikukhosomola mawu a Nyengeterai:
kumanzere, mudhara, ayi, kumanzere kwinako!

Lero mphepo inatinamiza.
Inawatenga kupitirira miyala ya Domboshava
n'kuwatula m'dimba, pakati pa kabichi.
Ndinafika fumbi lili m'mano.
Mayi wina wa chipewa chaubweya ndi magambutsi
anatulukira, khasu paphewa,
n'kuima, n'kuwerenga mitu yophwanyika ndi chala.

Ndinayamba kupepesa m'Chishona changa cha kugaraja.
Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.
"Inu bambo inu, imvi zonsezi,
chinsalu chanucho simukanakachiyanika kwina?"

M'chinenero cha amayi anga.
Cha ku Dedza, chosasungunuka,
chobwera ndi agogo ake m'mafamu a fodya.
Ndinavula chipewa. Ndinaiwala chingwe.
Chimwalirireni Edesi
palibe anandikalipirapo bwino chonchi.

Kabichi khumi ndi zinayi tinalipira.
Ana ake anatithandiza kufinya mpweya m'nsalu,
kuigonera, kuikulunga, kuipondereza m'thumba,
mpaka thambo lonse lija
linakwana m'ngolo.
Dzina lake ndi Nasibeko. Ananditsanulira maheu
n'kusuzumira m'kombi, n'kugwira katani:
"Anasoka ndani? Dzanja labwino."

Nyengeterai wandiuza kanayi tsopano
kuti m'dengu muli malo anga, ulere.
Ndimati mawa.
Si mantha okha ayi.
Aliyense wokwera amafuna wina pansi
wodziwa geti, wodziwa kupepesa,
wofika ndi galimoto nsalu isanazizire.

Usiku uno ndaimika pansi pa mtengo wa msasa.
Zikhatho zikununkha chingwe ndi gasi.
Pampando wakutsogolo pakhala kabichi imodzi yophwanyika mbali,
yomwe anandiponyera pawindo ndikutembenuza,
akuti, "Yolipira kale iyi, musaisiye."
Ndaimangira lamba.
Msewu wa kuno uli ndi mabampu.