Mpanda wa Kunjanji

Magetsi athima ku Booysens.
M'kanyumba ka alonda ndafunda bulangete m'miyendo,
foni yosweka galasi ndaitsamiza ku fulasiki,
nkhondo ikundilowa m'makutu kudzera m'tizingwe.

Mkulu wa asilikali m'kanemamu sayasamula.
Waweramira mapu, chibwano gwa ngati mpini,
akuloza phiri ndi chala chimodzi,
anyamata mazana atatu n'kunyamuka
kukafera pomwe chalacho chagwera.
Malipenga amadziwiratu yemwe afe,
amayamba kulira chipolopolo chisanafike.
Iye amavula chipewa. Mvula imagwa pa nthawi yake.
Kenako amatembenuka, nati: tiyeni.

Ine ndili ndi anyamata khumi ndi anayi,
matochi asanu ndi limodzi, atatu ndi akufa,
wailesi ya m'manja yotsokomola ngati wodwala chifuwa,
ndi buku la maina lomwe bwana Venter amasaina osawerenga.
Mapu anga ndi katoni ya sopo.
Kuseri kwake ndinajambula geti, mosungira mafuta,
ndi mzere wokhota, mpanda wa kunjanji.

Lachinayi lija Sumani anati mutu ukumuwawa.
Anapempha geti lakutsogolo, pamene pali nyali ndi anthu.
Ndinayang'ana katoni yanga.
Kunjanji kulibe munthu, ndinatero, pita.
Chala chimodzi.
Chomwechi, chomwe ndikusunthira kanemayu kutsogolo.

Akuba mawaya sanabwere ndi nyimbo.
Tinamupeza kutacha, chisanu chitayera pa jekete,
m'thumba muli theka la buledi
ndi lisiti la ndalama zomwe anatumiza ku Namwera.

M'kanema mkulu amakhala pansi pa nyali n'kulemba:
mwana wanu anali wolimba mtima.
Kalata imayenda yokha, woifikitsa sitimuona.
Ine ndinagula mayunitsi pa shopu ya Msomali,
ndinaima kunsi kwa mlatho, magalimoto akundiponda pamutu.
Abiti Daudi anayankha akuseka,
ankayesa ndi nkhani ya feteleza.
Ndinapereka moni kawiri.
Ndinafunsa za mbuzi, za denga, za mwendo wawo.
Mayunitsi anatha mawu ali pakhosi
ndipo ndinabwerera kwa Msomali uja kukagula ena.

Chipewa changa sindinachivule mwaulemu ngati iye.
Ndinachitembenuza, chinayenda khomo ndi khomo,
ku Mayfair, ku Turffontein, ku Rosettenville,
mpaka chinakwanira ngolo yokoka.
Pa bokosi panalibe mbendera.
Panali firiji ya wina, matumba a zovala, njinga ziwiri,
onse ulendo umodzi wa ku Beitbridge.

Nanga ndimaoneranji?
Pali kamphindi kena, kafupi, kosakwana kumeza malovu,
pamene mkuluyo watsala yekha m'hema,
akufuna kuthira madzi m'kapu
koma madziwo akutayikira pa mapu.
Pamenepo ndimabweza. Ndimabwezanso.
Ameneyo ndimamudziwa, tinakumana.
Koma opanga kanema sachedwapo,
amathamangira ku mizinga, kuti oonera angagone.

Saonetsa mkulu akuwerenga masiku a lendi,
kapena akuopa kuti mapepala ake omwe anatha chaka chatha.
Saonetsa akunena kuti inde bwana
kwa munthu wofunsa ngati mawaya onse alipo
asanafunse dzina la wakufayo.

Wailesi yatsokomola.
Pakhomo paima Mbwana, wafika sabata yatha,
nsapato zake ndi zomwe ankavala Sumani, zamukulira.
Akuti: akapitawo, lero ndiime kuti?

Ndaimitsa kanema.
Mkulu uja wauma kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'mwamba.
Sitima ya katundu ikukwawa kuseri kwa mdima,
mpanda wa kunjanji ulibe munthu,
ndipo chala changa chili m'thumba, chikukanda ulusi.