Chala Chimodzi Chiyende

Kuseri kwa galaja ina ku Ndirande,
kumene a Likaka amawongola magalimoto ophwanyika,
kuli kiyibodi yothothoka mano awiri.
Lachitatu lililonse ndimapitako akaweruka,
manja awo akadali bii ndi girisi.

Tsiku lina ndinagwira kodi ya maina, zala zitatu,
n'kuikanikiza mpaka inazizira.
Iwo anaseka. "Waimika minibasi pa siteji,
ukudikira kuti idzaze?
Tamva dzina lakelo: kodi.
Limenelo ndi funso, mwanawe,
ndipo funso silikhala pansi."

Anachotsa dzanja langa n'kuikapo lawo.
Zala ziwiri zinaima nji ngati alonda a pageti,
chachikulu chokha n'chimene chinatsika:
dzino loyera, lakuda,
loyera, lakudanso,
monga amatsikira ku Nasolo mayi wosenza beseni
mvula itangokata,
phazi kufufuza mwala lisanaponde.

Chisoni chinali chomwe chija,
koma tsopano chinamera miyendo.

"Pamaliro salira onse nthawi imodzi," anatero.
"Wina amadzuka kukawaza nkhuni,
wina kukabwereka mabenchi kutchalitchi.
Nyumba ikulirabe, koma anthu akuyendamo.
Jazi ndi wodzukayo."

Ndisanayese, magetsi anathima.
Anatukwana pang'ono, n'kuyatsa tochi ya foni.
Tinatseka.

Ndinayesera pantchafu m'minibasi,
kondakitala akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu.
Loyera, lakuda, loyera, lakuda.
Pa Ginnery Corner chiperoni chinayamba kuwaza,
mawaipa akukana kugwira ntchito,
dalaivala akupukuta galasi ndi chipewa.

Sindinawauze a Likaka za Elube,
mlongo wanga amene tinakamuika ku Chilomoni mu Meyi,
kapena za nsapato zake zofiira
zimene zakhala pakhomo chichokereni iye,
ine n'kumazilambalala posesa
ngati zingadzuke.

Usiku umenewo sindinazitaye,
sindinapatse munthu.
Ndinangozinyamula, n'kupukuta fumbi,
n'kuziika pansi pa bedi.
Pakhomo panatsala malo awiri oyera pasimenti.

Lachitatu linalo magetsi analipo.
Zala ziwiri zinagwira, chachikulu chinatsika,
chinaterereka pa dzino lachitatu, n'kubwerera.
A Likaka sanacheuke, anali kusamba m'manja ndi palafini.
"Usathamange," anatero.
"Kumene ukupitako kulibe amene akukudikira.
Bwerezanso."